Chiwaya cha Niña Chabela

Kwa a Eusebio Menjívar kunali kwabwino. Sanali olemera, ankangosoka nsapato, koma ana awo sankadya asanapemphere, ndipo mwana wawo wamkazi, Idalia, ankaimba kwaya. Amayi ake a ubatizo, Niña Chabela, ankagulitsa mapupusa, zitumbuwa za ufa wa chimanga zophika pachiwaya, pachipata cha tchalitchi kwa zaka makumi awiri, ndipo Idalia akamadutsa ankamuninkha limodzi lotentha, la tchizi chambiri.

Atafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Idalia anatsegula tsamba pa intaneti. Anthu ankamutumizira miseche mosatchula mayina awo, iye n'kumaiika poyera. Pasanathe mwezi owerenga anaposa zikwi zitatu, mtsikana n'kuyamba kuyenda mothimbwidzika.

Amayi ake, a Ofelia, anamuitanira kukhitchini.

"Mwana wanga, zimene ukuikazi ukudziwa kuti n'zoona?"

"Amayi, sindilemba ine. Ndimangoikapo."

"Munthu akataya zonyansa pakhonde pako, wosesa ndani?"

Idalia anakafotokozera mnzake Dayana. Koma Dayana atamva anaseka chikhakhali.

"Aa, iwenso! Wonyamula makalata amamangidwa chifukwa cha zimene zili mu envulopu? Ika basi, anthu akudikira!"

Loweruka lina mauthenga anachuluka. Idalia anali kupaka zikhadabo, ndiye anangowaika onse osawerenga. Umodzi unkati mayi wa mapupusa wa pa tchalitchi amaikamo nyama ya galu.

Lamulungu Misa itatha, anthu anadutsa pachipata maso ali kumbali. Ana ena anayamba kuuwa. Niña Chabela ankangotembenuza mapupusa pachiwaya, kumwetulira aliyense, osadziwa kuti walakwa chiyani. Idalia atatsegula foni n'kuwerenga, anapeza uthenga uja wa nyama ya galu uli pa tsamba lake.

Anafufuta uthengawo pomwepo, koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali ataujambula kale n'kuufalitsa pa masamba ena. Analembera kampani ya eni masambawo, kuwachonderera kuti achotse bodzalo. Yankho linabwera msanga: zolembedwazo si zathu, funsani amene anaziika.

Idalia anawerenga kawiri, n'kukhala pansi. Anali mawu ake omwe, ndipo lero anamva kuzizira kwake.

Analemba pa tsamba lake kuti linali bodza, n'kulitseka. Bodza linawerengedwa ndi zikwi, kupepesa ndi ochepa. Kwa masabata atatu Niña Chabela ankakoleza moto m'mawa, n'kubwerera ndi mtanda wa ufa wonse. Idalia ankazungulira msewu wina chifukwa cha manyazi.

Tsiku limene analimba mtima, anapeza Niña Chabela akukulunga chiwaya m'nyuzipepala.

"Ndikupita kwa mwana wanga ku San Miguel. Pano wogula palibenso."

"Amayi, tsamba lija linali langa. Ndinaika ndine." Anagwada akulira.

Niña Chabela anaika chiwaya pansi.

"Unalemba iwe?"

"Ayi. Sindinawerenge n'komwe."

"Ukanawerenga, ukanaika?"

"Ayi, amayi!"

"Ndiye zaka makumi awiri zanga zinangosowa maso ako kamphindi kamodzi." Anamudzutsa, n'kumupukuta misozi ndi epuloni. "Ndinakunyamula pa ubatizo, sindingakutaye. Ndakukhululukira. Koma basi inyamuka nayini koloko. Tandithandiza kumanga katunduyu."

Idalia ananyamula chiwaya mpaka pokwerera basi. Gogoyo anamudalitsa pamphumi, n'kukwera, ndipo sanagulitsenso pupusa moyo wake wonse.

Inu achinyamata, ndi inu eni masamba akuluakulu, imvani. Amene wapereka bwalo kuti bodza livinirepo ali ndi mlandu pamodzi ndi wolipeka. Kunena kuti "sindinalembe ine" sikudzakupulumutsani pamaso pa Mulungu. Chikhululuko Idalia anachipeza, koma pachipata paja mpaka lero palibe wokoleza moto.