Liwu la Mwini Wake

Anakumana pamalo odikirira basi, m'mawa wina kukuwaza kamvula. Mtsikana wina, telala, anali maso pafoni, lilime lili pakati pa mano.

"Asisi, ndakulakwirani chiyani kuti muzinditulutsira lilime?" anafunsa mwamuna wovala ovolosi yothimbirira ndi oyilo.

Telala anagwira pakamwa ndi manyazi. "Si inu ayi! Ndikuphunzira Chingerezi. Mayi wa m'kavidiyoka akuti mawu ena satuluka lilime likabisala."

"Ndiye mundiphunzitseko. Langali linabisala chibadwire."

Anali makaniko. Telala anamupatsa dzina loti a Sipanala, iye n'kumamuitana kuti Aphunzitsi. Masana aliwonse a Sipanala ankabwera kushopu yosokerako, n'kukhala pabenchi pakati pa zidutswa za nsalu, foni ataitsamiritsa kumakina. Timavidiyo take tinali ta mphindi imodzi imodzi: kugula tikiti, kufunsa njira, kupereka moni kwa bwana. Ankabwereza, kulakwitsa, kuseka mpaka misozi.

Kenako kunayamba mauthenga. "Duwa langa, m'mawa uno ndalankhula Chingerezi ndi galasi, koma mtima ukungokutchula m'Chichewa."

Ndani akanalimba mtima?

Tsiku lina a Sipanala anafika ali wefuwefu. Kampani ina ya kudziko lakutali inkafuna amakaniko, ndipo mayeso ake anali ofunsana pakamwa.

"Akandifunsa kuti ndidzabwera ndi ndani. Ndikanene bwanji kuti ndidzabwera ndi mkazi wanga?"

Singano inamubaya chala telala, koma sanamve ululu. Mkazi wanga! Kodi kufunsira kumaposa pamenepa?

"Mukanene kuti, I will come with my wife," anayankha.

"Mayi wayifi."

"Wayifi ndi ya intaneti, inu! Lumani pang'ono mlomo wam'munsi, mpweya utuluke, basi. Kumapetoko musawonjezere kanthu."

Kwa masabata awiri anawongola liwu limodzi lomwelo. Akalitchula bwino, telala ankamva ngati aitanidwa dzina. Sanafunse zambiri. Akanafunsiranji, munthu atamugwira dzanja n'kunena kuti, "Popanda iwe ulendowu palibe, mtima wanga"?

Anauza akulu ake kuti akonzeke kulandira ankhoswe. Anadzisokeranso diresi yobiriwira yapaulendo, n'kuibisa kuseri kwa zovala za makasitomala.

A Sipanala mayeso anakhoza.

Patapita masiku atatu, mushopumo munalowa mayi wina atabereka mwana. Anali waulemu, wolankhula motsitsa mawu.

"Pepani, kodi Aphunzitsi ndinu? Anzawo a bambo a mwanayu, kugalaja kuja, ndi amene andilozera kuno."

"Bambo a mwanayu ndi ndani?"

"Makaniko amene mwawathandiza Chingerezi aja. Mulungu akudalitseni, asisi! Tikunyamuka mwezi wamawa, koma ine sindidziwa ngakhale moni. Ndimaopa kukawachititsa manyazi. Simungandiphunzitseko ngakhale mawu awiri?"

Makina anaima okha. Telala anayang'ana mwana uja: makutu, mphumi, kachibwano kogawikana pakati, zonse za a Sipanala. Panalibenso chofunsa, komabe anafunsa.

"Mwakhala nawo zaka zingati?"

"Zisanu. Masiku ano akalowa m'nyumba amangonditchula ndi liwu la Chingerezi loti wife, ana a pafupi n'kumaseka. Akuti munawavutitsa kwambiri kuti alitchule bwino."

Mayiyo anaseka. Telala anayesa kuseka nawo, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka.

Masabata awiri onse aja ankakometsera liwu la mwini wake! Bodza lenileni linali pati? Munthu uja sananenepo kuti mkaziyo ndi iye. Anangomusiya kuti adzinamize yekha, iye akuonerera.

"Asisi, mukulira?"

"Ndi fumbi la nsalu."

Foni inanjenjemera patebulo. Unali uthenga wa a Sipanala: "Duwa langa, ndili m'njira. Ndakusowa."

Telala anauwerenga kawiri. Akanatha kuufufuta, n'kuuza mayiyo kuti abwere tsiku lina. Koma mayiyu ankakwera ulendo wautali ndi munthu amene sankamudziwa bwino, ndipo kumeneko kunalibe mbale woti n'kukamulirira.

Anapukuta maso ndi kansalu, n'kukoka mpando.

"Khalani pansi, mayi, mumutsitse mwanayo. Amuna anu akubwera. Koma lero tilankhula Chichewa, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve."