Lenzi la Malemu Bambo Ake

Pa siteji ya basi anthu amadikira mosiyanasiyana. Ena amakanda foni, ena amatukwana kondakitala yemwe sanafike n'komwe. Kadiso ankadikira atatsinzina diso limodzi, linalo lili pa lenzi la kamera yakale lomwe anali atangolipeza kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakutha.

Lenzi ukaligwira m'manja n'kusuzumiramo, dziko limaima chadodolido. Mitengo mizu m'mwamba, minibasi matayala m'mwamba. Mwadzidzidzi munalowa mkazi, nsapato zofiira kumwamba, mutu pansi, manja ali m'chiuno.

"Achimwene, mukundijambula kapena mukundilodza?"

Kadiso anatsitsa lenzi lija. Kalanga ine! Ataima bwinobwino, mkaziyo anali woopsa kuposa ali chadodolido.

"Pepani chemwali, ndimangoona ngati galasili lili bwino."

"Ndiye lili bwino?"

"Poyamba limadwala. Mutalowamo inu, lachira."

"Bodza lanulo n'lokalamba ngati chitsulo chanucho. Tabweretsani kuno." Analilozetsa kudzuwa, n'kupukusa mutu. "Muli chuku umu. Mukaliika pamodzi ndi anzake liwapatsira. Muliyanike kaye padzuwa."

Mutu wa mwana wamwini unaima! Atsikana onse omwe anawauzapo za malenzi ankayasamula asanamalize. Uyu akudziwa mpaka za chuku?

"Mwazidziwira kuti zimenezi?"

"Malemu bambo anga anali ojambula."

Basi inabwera, inapita. Inabweranso ina, inapitanso. Kadiso anafika kuntchito mochedwa, m'foni muli nambala yatsopano, pankhope pali kumwetulira kwa munthu yemwe wangoba kumene.

Kuntchito kwake kunali ku situdiyo ya zithunzi yomwe ankayendetsa ndi achemwali ake aakulu. Iye ankajambula, iwo ankatsuka zithunzi ndi kukalipira makasitomala. Kuseri kunali kachipinda kopanda windo la nzeru, mashelefu ake odzaza malenzi a makamera a filimu, aja anasiya kupangidwa Kadiso asanabadwe. Dzina loti Kadiso analitengera komweko, poti tsiku lonse ankakhala atatsinzina.

Matenda ake enieni sanali kutolera ayi, koma kufufuza. Ankati lenzi lililonse lili ndi kwawo. Ankawerenga manambala a m'mphepete, n'kuyang'ana mtundu wa mankhwala opaka pagalasi, ngati ndi wofiirira kapena wachikasu, mpaka adziwe fakitale yomwe inalipanga. Ena anapangidwa m'fakitale ina koma n'kulembedwa dzina la kampani ina, ngati mwana woleredwa ndi amalume. Ena anachokera kumayiko omwe lero ukawafuna pa mapu suwapeza. Lenzi losadziwika kwawo linkamuyabwa Kadiso ngati chitedze.

Mkazi uja anayamba kubwera ku situdiyo. Achemwali anamupatsa dzina loti Dona, chifukwa cha mayendedwe. Sipanatenge nthawi, "inu" anasanduka "iwe," ndipo foni ya Kadiso inayamba kudya batire ngati chiwala m'munda.

"Wadzuka bwanji kuwala kwanga?"

"Ndadzuka, kadiso kanga. Wandilota?"

"Ndalota iwe ndi lenzi lina la mkuwa."

"Unayamba kupsompsona ndani?"

"Iwe. Lenzilo ndinangolipukuta."

"Chitsiru changa chokondedwa. Usadzandisiye, wamva?"

"Ndikadzakusiya maso anga adzachite chuku!"

Dona ankabwera masana okhaokha. Dzuwa likapendeka, foni yake inkafa. Ankati amakhala ndi azakhali ovuta, a pemphero, omwe akamva foni ikulira amayamba kudzudzula ziwanda.

"Iwe," anatero achemwali tsiku lina, akudula zithunzi. "Kachitsulo ka dzimbiri umakafufuza mpaka agogo ake. Koma mkaziyu ngakhale geti la kwawo ukulidziwa?"

"Achemwali, chikondi sichifuna adiresi."

"Ehe. Ngakhale mbuzi imavina popita kwa abutchala."

Kadiso anaseka. Munthu wogwa m'chikondi umuuze kuti malaya ake akupsa, amati akumva kufunda.

Masana ena Dona analowa m'kachipinda kaja n'kutseka chitseko. Anatulutsa kanthu kokulungidwa mu mpango n'kukaika m'manja mwa Kadiso. Kadiso anamasula mpangowo. Linali lenzi lasiliva, lolemera ngati mwala, galasi lake lonyezimira mofiirira ngati phiko la njiwa. Dzina la fakitale linali litafufutika. Kunangotsala manambala, kachipsera m'mphepete, ndi kasikuluwu kamodzi kachikasu pakati pa anzake oyera.

"Ichi n'chokhacho chomwe bambo anandisiyira," anatero Dona, maso ali pansi. "Ndakupatsa iwe chifukwa iwe umati ukandiyang'ana, umandionadi."

Kenako Dona anamugwira dzanja.

"Koma undilonjeze chinthu chimodzi. Limeneli lokha usalifufuze. Usaonetse munthu. Zimandikumbutsa maliro."

"Ndalonjeza, mtima wanga. Pali Mulungu apa!"

Lonjezo la munthu wa malenzi! Kuli bwino kusungitsa galu nyama.

Masiku oyamba anapirira. Ankangolitulutsa, kulipukuta, kulibwezera. Kenako anayamba kuwerenga manambala aja chamumtima, ati kuwerenga si kufufuza. Kenako anayerekeza ndi malenzi ena a pashelefu, ati kuyerekeza si kufufuza. Palibe lomwe linafanana nalo. Chakudya chinasiya kumukomera.

Ndiye satana, yemwe sabwera ndi nyanga koma ndi maganizo abwino, anamunong'oneza. Kadiso anali atagula kale mphete. Bwanji pa tsiku lofunsira amupatse Dona mphete pamodzi ndi mbiri yonse ya lenzi la bambo ake? Kumuuza dziko, fakitale, chaka. Kodi pali mkazi yemwe sangalire ndi chimwemwe? Kodi kumeneko n'kuswa lonjezo, kapena n'kulikongoletsa?

Anali pa gulu lina la pa foni la anthu a matenda omwewa, ambiri sanaonanepo maso ndi maso. Anajambula lenzi lija mbali zonse n'kutumiza.

"Akuluakulu, ndithandizeni. Mwana uyu kwawo n'kuti?"

Mayankho anagwa ngati matalala. Wina anati la kum'mawa, wina anati la kumadzulo, awiri anayamba kutukwanizana za mtundu wa galasi. Kenako analemba Achikulire, bambo omwe gulu lonse linkawalemekeza, omwe anamuthandizapo Kadiso kambirimbiri popanda kudandaula.

"Mwana wanga, kwawo kwa lenzi limenelo n'kunyumba kwanga. Kasikuluwu kachikasuko ndinaika ndine, kake kenikeni katatayika. Linasowa m'kabati mwezi wathawu. Ndibwera mawa m'mawa, usalisunthe!"

Kadiso anawerenga uthengawo mpaka zilembo zinayamba kuvina. Anaimbira Dona. Foni inali yozimitsa, poti dzuwa linali litapendeka. Analemba: "Kuwala kwanga, ndiimbire msanga." Uthengawo unangokhala wosawerengedwa.

Anadzitonthoza yekha. Mwina malenzi amafanana. Mwina Achikulire akalamba, maso atha. Mwina bambo ake a Dona anali mnzawo. Mwina, mwina, mwina. Munthu akamamira amagwira ngakhale thovu.

M'mawa mwake galimoto yakale yoyera inaima pakhomo pa situdiyo. Munatuluka bambo aimvi, ajekete, kamera ili lende pakhosi, nkhope yowala ngati apeza mwana wotayika.

"Ndiwe Kadiso? Iwe mnyamata, bwera ndikukumbatire!" Anatembenukira kugalimoto. "Mayi, tulukanitu! Ndinakuuzani kuti ndili ndi sapulaizi, bwanji mukuchita manyazi?"

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Zinayamba kutuluka nsapato zofiira.

Achemwali, omwe anali pa kauntala, anagwetsa sizasi.

"Awa ndi mayi akunyumba," anatero Achikulire monyadira. "Mayi, uyu ndi mwana wathu wa pagulu uja. Mutu wake umagwira kwabasi."

"Muli bwanji, achimwene?" anatero Dona. Mawu ake sananjenjemere n'komwe. Chala chake chinali ndi mphete yomwe Kadiso anali asanaionepo.

"Ndili bwino, kaya inu... mayi."

Analowa m'kachipinda kaja. Achikulire analinyamula lenzi lija ndi manja awiri ngati khanda, misozi ili lengelenge.

"Ukudziwa, limeneli linapangidwa m'kafakitale kakang'ono komwe kanapsa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Anapanga ochepa kwambiri. Dzina silinafufutike ayi, sanalembepo n'kale, poti analibe makina ake." Anapumira m'mwamba. "Litasowa ndinadwala. Funsa mayiwa. Ndinachotsa ntchito mayi wotichapira, munthu woti watitumikira zaka zambiri. Mpaka lero mtima umandipweteka."

Nayo mbiri yonse yomwe Kadiso ankaisowera tulo! Inalowa khutu ili n'kutulukira linali.

"Tsono ndiuze, mwana wanga. Anakugulitsa ndani?"

Dona ankayang'ana shelefu ngati akuwerenga malenzi. Pakhomo achemwali anali atapinda manja, maso awo akunena kuti: lankhula, chitsiru iwe, lankhula!

Anene chiyani? Awauze bambo okoma mtimawa kuti wakuba wakwera naye galimoto imodzi? Amuvule Dona pamaso pa anthu? Pakamwa pomwe panalumbira kuti "pali Mulungu" panatuluka bodza.

"Ndinalipeza kwa ogulitsa zitsulo zakutha, bambo. Linali pamulu. Si mayi wochapayo ayi, anabweretsa ndi mwamuna wina. Muwabwezere ntchito mayiwo."

"Ooo! Ambuye andikhululukire, ndikawapepesa lero lomwe." Achikulire anasisita lenzi lija. "Dikirani, ndikatenge filimu m'galimoto. Tiliyese ngati akubawo sanalivulaze."

Atangotuluka, Dona anatembenuka.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha."

"Unati bambo ako anamwalira."

"Anamwaliradi. Koma anali telala."

"Nanga azakhali a pemphero?"

"Ndi omwe apita kukatenga filimuwo." Anapukuta diso ndi nsonga ya chala kuti utoto usafufutike. "M'nyumba muja muli malenzi odzaza makabati. Amawapukuta m'mawa, amawapukuta madzulo, amawapatsa mayina. Ine nditameta tsitsi lonse anazindikira patatha sabata. Ndinatenga lomwe amalikonda kwambiri kuti ndione ngati angalire. Analira, kadiso kanga. Ine sanandilirirepo chotero."

"Ndiye unalipereka kwa ine."

"Ndimati iwe ndiwe wosiyana. Ndimati usankha ine, usiye manambala." Anaseka kuseka kowawa. "Ndinathawa chipatala n'kukagona kwa wodwala matenda omwewo."

"Ndimafuna ndikukwatire! Mphete ili m'thumba muno!"

Dona anayang'ana thumbalo, kenako nkhope yake. Anatsegula pakamwa, koma nsapato za Achikulire zinali zitamveka kale pakhonde.

"Eya, filimu nayi!" Analowetsa filimu, anamanga lenzi lija pa kamera yawo, n'kumupatsa Kadiso. "Iwe ndiye katswiri. Utijambule ine ndi mayiwa, chikhale chikumbutso cha tsiku lachimwemwe."

"Bambo, achemwali ndi omwe amajambula bwino..."

"Ine ndimangotsuka," anatero achemwali. Koma mawu awo analibe chipongwe. Anapita kukayatsa magetsi a mu situdiyo, ndipo podutsa anamufinya mchimwene wawo paphewa.

Achikulire anakhala pampando kutsogolo kwa nsalu ya maluwa. Dona anaima pambali pawo. Iwo anatenga dzanja lake n'kuliika paphewa pawo, ati kuti chithunzi chikome.

Kadiso anakweza kamera. Anatsinzina diso limodzi. M'galasi munali chifunga chokhachokha. Anapotoza lenzi kumanja, chifunga. Anapotoza kumanzere, chifunga.

"Limavuta limenelo, ndi lokalamba," anatero Achikulire mokoma mtima. "Upotoze pang'onopang'ono, mwana wanga, usalikakamize."

"Chabwino, bambo."

Lenzi linalibe mlandu. Anapukuta diso ndi mkono wa malaya, ngati munthu wochotsa thukuta, n'kusuzumiranso. Chifunga chinachoka. Anaona imvi, anaona jekete, anaona dzanja lija lili paphewa, mphete ikunyezimira. Anaonanso maso a Dona akuyang'ana m'galasi mwenimweni, osaphethira.

"Tikuoneka?" anafunsa Achikulire.

"Mukuoneka, bambo."

Anadina.

"Zikomo kwambiri! Ukatsuke ziwiri zikuluzikulu. Chimodzi chathu, chinacho upachike muno, uzitikumbukira."