Mayi a M'dimba

Tiyanjane anakumana ndi Everson pa siteji ya ku Limbe, tsiku limene jumbo yake inang'ambika.

Anali atangoweruka ku bekale komwe ankagwira ntchito, miyendo ikuphwanya chifukwa choimirira tsiku lonse. M'jumbomo munali mbande za tomato zomwe anagula mumsika. Anthu akulimbirana minibasi, wina anamugunda ndi chigongono, mbande zija mbwee pansi!

"Musaponde, musaponde!" anakuwa mnyamata wina wamtali, manja atatambasula kutchinga anthu. Ananjuta n'kuyamba kuzitola imodziimodzi ngati akutola mazira.

"Zikomo achimwene," anatero Tiyanjane.

"Achimwene anu ali kwanu. Ine ndine Everson. Kodi zimenezi mukadzala kuti? Muli ndi dimba?"

Tiyanjane anaseka ngakhale anali wotopa.

"Dimba ku Ndirande? Ndimadzala m'matumba a simenti ndi m'zidebe zobooka, kuseri kwa bafa. Alandilodi amati ndikuwaitanira udzudzu."

"Manja okoma chonchi akudzala m'chidebe? Ayi, n'kulakwa kumeneko."

Minibasi inadzaza n'kunyamuka iwo akadali pa macheza. Pomwe inkafika ina, nambala ya Tiyanjane inali kale mufoni ya Everson.

Everson anali dalaivala wa lole yonyamula katundu wa m'masitolo kupita ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Pakamwa pake panali potsekemera. M'mawa uliwonse, Tiyanjane asanasukusule n'komwe, foni inkalira.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Mbande zathu zagwira?"

Zathu! Kamawu kamodzi kameneko kankamuyendetsa mopepuka mpaka ku bekale.

Masana kunkabwera wina: "Ndili pa Thabwa, dzuwa likuswa mtengo, koma ndikakuganiza iwe ndikumva kamphepo."

Patapita miyezi ingapo, Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, Everson anamutengera ku Machinjiri. Anaima pa kanyumba katsopano ka malata onyezimira, kosapaka pulasitala, kozingidwa ndi mpanda wa njerwa.

"Nyumba yanga imeneyi, ndikumanga pang'onopang'ono. Koma bwera udzaone kuseri."

Kuseriko kunali bwalo lalikulu ndithu, lodzaza ndi zibenthu za njerwa, miyala ndi simenti youma. Wina akanangoona zinyalala. Tiyanjane anawerama, anafukula ndi chala, n'kufikisa dothi m'manja. Linali lofiira, labwino, ngati la kwawo ku Bvumbwe, komwe bambo ake ankalima ndiwo zamasamba achibale asanalande malowo iwo atamwalira.

Everson anamugwira m'mapewa.

"Malo onsewa ndi ako, wapamtima. Dzala chilichonse chomwe mtima wako ukufuna. Nyumbayi ikangotha nditumiza ankhoswe kwanu. Ndikulonjeza, sudzadzalanso m'chidebe moyo wako wonse."

Tiyanjane analira. Akanatani? Ndani anamulonjezapo dothi chimwalirire bambo ake?

Ntchito inayamba Loweruka lotsatira. Akaweruka ku bekale ankakwera minibasi ziwiri kukafika ku Machinjiri. Ankatola zibenthu, kugaula, kuphwanya zibuma, kukonza mabedi. Manyowa ankakasenza pamutu kuchokera kwa mayi wina woweta nkhuku kumunsi kwa msewu. M'manja munatuluka matuza, anaphulika, n'kutulukanso ena.

Masabata oyamba Everson ankagwira nawo khasu. Kenako anayamba kudandaula msana. Kenako ankangokhala pa njerwa mumthunzi, maso pa foni, n'kumati, "Bebi, iwe ndiye mkazi!" Pambuyo pake anamupatsa kiyi wa pageti.

"Maulendo achuluka, swite. Uzingopita wekha, ndi kwanu komwe."

Dimba linadzuka. Mpiru, chayinizi ndi repu zinabiriwira m'mabedi. Tomato anamumangirira ku timitengo, anyezi anamudzala m'mbali. Pakona anaika kambuzi ndi udzu wa mandimu wothira mu tiyi, cha kumpanda mapapaya awiri ndi mtengo wa mapeyala womezanitsa. Akamaliza kuthirira ankajambula zithunzi n'kumutumizira Everson.

"Taona dimba lathu!"

"Maluzi sadzatipeza ife, duwa langa. Jambulanso cha ku mapapayako."

Mkulu wake wa Tiyanjane, Ethel, yemwe ankakhala naye chipinda chimodzi ku Ndirande, sizinkamusangalatsa.

"Tadziyang'ana pa galasi, Tiya. Wauma ngati nkhuni. Sabata yonse pa uvuni, Loweruka ndi Lamulungu pa khasu. Munthuyo kwa amalume anaonekera?"

"Akuti nyumba ithe kaye."

"Nanga achibale ake ukuwadziwa angati?"

"Onse ali ku Nsanje."

"Ukulima kwa mwamuna yemwe ngakhale mlongo wake sunamupatseko moni?"

Tiyanjane analibe mphamvu zokangana. Anangodzigwetsa pa matiresi, nsapato zili kuphazi.

Mwezi wa Okutobala unabwera ndi ukali wake. Mpopi wa panyumbapo unauma, madzi ankangobwera tsiku lomwe afuna. Tiyanjane ankaima pa mzere ku mjigo, kusenza chidebe kukwera nacho chitunda, kuthira, kubwereranso. Dothi linkamwa madziwo ngati silinalandire kanthu. Nsabwe zinagwira chayinizi, iye n'kumawaza madzi a sopo ndi phulusa tsamba lililonse.

Tsiku lina anakhala pansi pakati pa mabedi, khosi likuwawa, namuimbira Everson.

"Ndatopa ine. Mwina tidikire mvula."

"Usatero bebi, tatsala pang'ono! Ndipo ndimati ndikuuze, ndiwo zokha sizikukwanira. Dzalanso maluwa, ambiri, oyera ndi ofiira. Ndikufuna pa tsiku la chinkhoswe kuseri kumeneko kudzaoneke ngati kumwamba."

"Chinkhoswe? Everson, ukunena zoona?"

"Ndinayamba ndakunamizapo?"

Kutopa konse kunathawa. Anakapempha timitengo ta marozi kwa mzimayi wa kutchalitchi kwawo, ena anagula m'machubu m'mbali mwa msewu. Ankawathirira asanamwe iye mwini. Mvula yoyamba itagwa, maluwa anamasula, ndipo anthu odutsa ankasuzumira pageti.

Nyumba nayo inatha. Pulasitala anapaka, magalasi anaika m'mazenera. Koma za ankhoswe, zii.

"Ndiwauze liti amalume?"

"Dekha, wapamtima. Ndikufuna ndikudzidzimutse."

Lolemba lina kunabwera uthenga: "Sabata ino usapite ku Machinjiri, duwa langa. Tikupaka penti, fungo lake lingakudwalitse. Upumeko, wavutika. Ndimakukonda kuposa mpweya."

Poyamba anakondwa. Koma mvula inali itadula, dzuwa likuwotcha ngati Okutobala wabwereranso. Marozi aja akhala bwanji sabata yonse osamwa? Opaka penti angakumbuke duwa?

Lachinayi magetsi anazima ku bekale ndipo abwana anawawerutsa masana. Tiyanjane anakwera ya ku Machinjiri. Atatsika anamanga chitenje chake chakale pamwamba pa diresi, anadzera kwa mayi wa nkhuku uja, n'kusenza kathumba ka manyowa.

Geti analipeza losakhoma. Fungo la penti kunalibe.

Kuseri, pakati pa maluwa ake, panaima mtsikana woyera bwino, wovala diresi lachikasu, tsitsi loluka kumene. Ankanunkhiza duwa lofiira. Atamuona Tiyanjane, nkhope yake inawala.

"Ii, ndinu mayi a m'dimba aja eti? Tulani, tulani, ndikuthandizeni!"

Anathamanga n'kumulandira thumba lija osaopa kuda.

"Ndimafunitsitsa nditakuonani. Muli ndi manja odala, mayi! A Everson anandiuza kuti anapeza mzimayi wolimbikira woti azisamala kuseri kuno. Sabata iliyonse amanditumizira zithunzi, koma zithunzi zimachepetsa. Taonani mapapayawa!"

Tiyanjane anamuyang'anitsitsa.

"Inu ndinu ndani?"

"Pepani, chimwemwe chandiiwalitsa mwambo. Ndine Anjelina, ndimaphunzitsa ku Nchalo. Ndine bwenzi la a Everson. Chinkhoswe chathu chili Loweruka likubwerali, pompano m'dimba mwanumu. Ndinawauza kalekale kuti ine za muholo sindifuna, ndikufuna pa maluwa. Ndimayesa nthabwala, koma taonani zomwe andichitira!"

Pa maluwa. Oyera ndi ofiira.

Tiyanjane anafuna kugwa, koma miyendo yozolowera kuima tsiku lonse inakana. Anangoyang'ana mtsikanayo. Panalibe choipa pa nkhope yake. Ankamwetulira ngati mwana amene wagulidwa nsapato.

"Mwakhala naye nthawi yaitali?"

"Kuyambira ndili ku koleji. Makolo athu amadziwana. Koma mayi, musatisiye tikalowa m'nyumbamu. Ine za dimba sindidziwa kanthu, ndingaphe zonsezi sabata imodzi. Mudzabwerenso Loweruka, mudzadye nafe."

Kunja kunamveka kulira kwa galimoto, kenako phokoso la mipando ya pulasitiki ikutsitsidwa. Everson anatulukira pakona ya nyumba atasenza mipando pamutu, akuimba mluzu.

"Anjie, dali wanga, tenti akuti abweretsa ma..."

Mluzu ndi mawu zinathera pomwepo. Maso ake anachoka pa Anjelina kupita pa Tiyanjane, n'kubwereranso. Tiyanjane anadikira. Mumtima mwake munali kanthu kopusa komwe kankayembekezabe kuti mwina aponya mipandoyo pansi, mwina anena kuti pali kusamvana.

Everson anatembenukira kwa Tiyanjane.

"Aa, mayi... mwabwera lero? Paja ndinati sabata ino mupume."

Mayi!

Chimenecho ndicho chinamupyoza kuposa zonse. Tiyanjane anapukuta manja pa chitenje, pang'onopang'ono.

"Lero ndine mayi, a Everson? M'mawa wa lero lomwe mwandilembera kuti chiyani?"

"Tiyeni tikakambirane panja, mayi, nkhani za ntchito..."

"Ntchito yanji? Munandilemba liti ntchito?"

Anjelina anasiya kumwetulira.

"A Everson, chikuchitika n'chiyani? Mayiwa akutanthauza chiyani?"

"Palibe, Anjie. Anthu ena ukawachitira chifundo amayamba kuganiza zina."

Tiyanjane anatembenukira kwa Anjelina. Sanakweze mawu. Analibe mphamvu yokwezera.

"Achemwali, dzina langa ndine Tiyanjane. Sindine waganyu. Bambowa anandibweretsa pano kuli miyala yokhayokha, anandigwira m'mapewa, n'kundiuza kuti malo ano ndi anga, atumiza ankhoswe kwathu. Zithunzi mumalandirazo ndinkajambula ndine, kutumizira mwamuna wanga. Maluwa mwagwirawo ndinadzalira chinkhoswe changa."

Duwa lija linagwa m'manja mwa Anjelina.

"A Everson, akunama?"

Everson anatula mipando. Anakanda m'mutu, anayang'ana kumpanda.

"Zinthu zinangosokonekera, Anjie. Ndimafuna ndimuuze, koma ndimamumvera chisoni. Iwenso Tiya, undimvetse, Anjelina ndi wakale, makolo..."

"Ndiye ine ndine wakale?" anakuwa Anjelina. "Mumadzera kwa ine ku Nchalo, kudya, kusamba, kenako n'kubwera kuno kudzanamiza mwana wa eni akusenzereni manyowa? Mayi anga agula kale zitenje! Abale anga akwera basi mawa!"

Anakhala pansi pa dothi ndi diresi lake lachikasu lija, n'kuyamba kulira mokweza. Everson anayesa kumugwira, iye anamukankha dzanja.

Tiyanjane anamasula kiyi wa pageti pa mfundo ya chitenje n'kumuika pamwamba pa mipando ija.

"Tiya, dikira. Bebi, tamvera kaye..."

"Musanditchulenso choncho."

Akudutsa, Anjelina anamugwira chitenje, maso ali ofiira.

"Achemwali, ndikhululukireni, sindimadziwa. Ndiye nditani ine? Ndiuzeni, nditani?"

Tiyanjane anamuyang'ana. Anafuna kumuda, koma chidanicho sichinabwere. Anafuna kumulimbitsa mtima, koma mawu akanawatenga kuti?

"Sindikudziwa, achemwali. Ine ndatopa."

Anayenda kuzungulira nyumba, osacheukira mabedi, osacheukira mapapaya. Anatuluka n'kusiya geti lili pululu.

Asanafike patali, anaona nkhuku za aneba zikuwoloka msewu, thadzi patsogolo, anapiye akuluakulu pambuyo. Zinalunjika pageti paja, n'kulowa mondondozana, molunjika kuseri komwe kunali mpiru wanthete.

Dzanja lake linadzuka lokha. Pakamwa panatseguka kuti azikuwize.

Anatsitsa dzanjalo, natseka pakamwa, n'kumatsetsereka kulowera ku siteji.