Basi Yogona ku Molumbo

"Nanga ya ku Molumbo ayendetse ndani?" anafunsa Ermelinda.

Chichokereni Apwitikizi, Ermelinda ndiye ankagawa misewu pa siteshoni ya Milange, ndipo wa ku Molumbo, wamatope ndi maenje, oyendetsa mabasi onse ankauthawa.

Anthu atabalalika, woyendetsa wina watsopano, Zeferino, anatsalira.

"Ndipatseni ine, Kamarada. Matope sangandiopse ngati pobwerako ndizipeza maso amenewa."

"Maso sakankha basi," anatero Ermelinda. Koma msewuwo anam'patsa.

Sipanapite nthawi, "Kamarada", dzina laulemu la pantchito masiku amenewo, linasanduka "duwa langa". Zeferino ankabwera ndi nthochi, nthawi zina nkhuku, ndi malonjezo osatha.

"Mvula ikangosiya, amalume anga afika kwanu. Ndikanama, chiphaliwali!"

Tsiku lina anam'kokera kuseri kwa basi.

"Duwa langa, kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo kukupha basiyi. Izigona konko. M'mawa ndizinyamula alimi, nyemba zawo zizifika pamalire a Muloza msika usanathe."

A komiti ya pa siteshoni anakana, amvekere basi ya boma sigona kuthengo. Ermelinda analimbana nawo mpaka mawu kusasa, ndipo a komitiwo anagonja. Mwamuna woganizira alimi chotere, ndani sangam'menyere nkhondo?

Mvula inasiya. Amalume osaoneka.

Loweruka lina basi ya ku Molumbo itafika, mayi wina wa mwana kumsana anatsika pampando wa pambali pa woyendetsa. Pa siteshoni aliyense ankadziwa kuti mpando umenewo ndi wa mkazi wa woyendetsa basi. Ermelinda anali asanaukhalepo. Ankauzidwa kuti ndi wothyoka.

Mayiyo anafunsa kwa onyamula katundu, kenako anadzagwada pamaso pa Ermelinda.

"Ndinu munalamula kuti basi izigona kwathu? Ine ndine Laurinda. Mulungu akudalitseni, achemwali. Kale bambo a mwanayu tinkangowamvera mbiri. Tsopano madzi osamba ndimawaikira ndine."

Anamasula kansalu n'kutulutsa mazira.

"N'zochepa. Nkhuku zanga ndinkakutumizirani, kaya zinkafika?"

"Zinkafika," anatero Ermelinda. "Zinali zonona."

Zeferino anali atagwada patayala, akuligogoda ngati lalakwa. Laurinda atapita kumsika, anabwera akupukuta manja.

"Duwa langa, ukwati wakumudzi uja ndi wa makolo. Mtima wanga uli..."

"Kamarada Zeferino, basi yanu yatseka njira ya ya ku Mocuba. Kaisuntheni."

Lolemba m'mawa oyendetsa anasonkhana msanga kuposa kale. Nkhani inali itawanda, ndipo Germano, woyendetsa ya ku Mongue, anali atayamba kale kudandaula kuti matope a ku Molumbo am'gwera iyeyo.

Ermelinda anaima pakhomo, maso ali ofiira koma ouma.

"Basi ya ku Molumbo izigonabe ku Molumbo, ndipo woyendetsa sasintha. Ya ku Mocuba, kwezani anthu."