Foda ya Malemu

Laputopu ija inayamba kufunsa za munthu wakufa tsiku lomwe Yoswa anasintha dzina la foda.

Inali ya Lester, mphunzitsi wake wa kusukulu yamadzulo ku Mponela, amene anamwalira chimanga chisanaume m'munda. Awiriwa ankalemba pulogalamu yoti kalabu ya alimi a ku Bowe izilembera mbewu zolowa m'nkhokwe. Maliro atatha, mayi Susana, mkazi wa malemuyo, anapereka makinawo kwa Yoswa kuti amalize ntchitoyo, abale asanakhale pansi kugawa katundu.

Zonse zinali m'foda yotchedwa Lester. Momwemo munalinso malaibulale, tizigawo tolembedwa kale timene pulogalamu imabwereka ikamamangidwa. Yoswa zinkamulemera kulemba dzina la mphunzitsi wake tsiku ndi tsiku, lopanda ulemu ngati akuitana mwana, mwiniwake atagona kumanda. Choncho fodayo anaitcha Malemu.

Atadina kuti pulogalamu imangidwe, panatuluka mzere wofiira wonena kuti njira yopita kwa Lester sikupezeka.

Sanadabwe. Makina sadziwa kwawo. Umawalozera njira yonse kufikira pakhomo pa foda. Anatsegula pamene pamalembedwa njirazo, nafufuta dzina lakale paliponse, nalozeranso foda yakeyake yoikamo pulogalamu ikamangidwa. Zinayenda bwino. Koma atayatsa madzulo otsatira, njira zonse zinali zitabwerera kwa Lester, ndipo mzere wofiira uja unali pomwepo.

Sabata yomweyo mwana wakhanda wa Yoswa, Talandira, anayamba kutentha thupi. Kuchipatala anamuyeza malungo, osawapeza. Dzuwa likangolowa ankayamba kulira kulira kopyapyala kosalekeza, ngati kamwana ka mbuzi kotsalira kudambo. Pamjigo amayi anayamba kunong'ona kuti kwa Yoswa kuli katundu wa womwalira amene sanatsanzikidwe, ndi kuti m'makinamo mumalembeka dzina popanda wolemba.

Madzulo ena nkhungu inatsika kumapiri a Ntchisi n'kumeza mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa nyumba. Mphepo inkakanda malata. Babu la sola linali litafooka, moti m'chipinda munkawala sikirini yokha, ndipo kamphepo ka m'laputopu kankapuma motopa ngati munthu wodwala chifuwa. Tabita, mkazi wa Yoswa, anaima pachitseko mwana ali kumsana.

"Bambo a Talandira," ananong'ona, "lero dzina lija labwereranso?"

"Labwerera."

"Ndiye mukulimbana ndi ndani? Mwanayu akupsa, inu muli pamenepo kukangana ndi akumanda."

"Amayi, awa ndi makina chabe. Pali china chimene sindikuchiona."

"Chimene simukuchionacho n'chimene chikundiopsa ineyo."

Tabita analowa kuchipinda chogona. Yoswa anatsala akumva kulirako kudzera pakhoma, mtima ukumuwawa ngati thupi lotenthalo ndi lake. Anatsegula mafoda limodzi ndi limodzi, mpaka pansi penipeni anapeza kafayilo kakang'ono kolembedwa ndi Lester. Ntchito yake inali yoti makina akangoyatsidwa, kazibwezera njira zonse mmene mwiniwake anaziikira, poopa ophunzira osokoneza zinthu.

Anaseka yekha, misozi ili m'maso, nathamangira pachitseko.

"Ndachipeza! Si mizimu ayi. Aphunzitsi anasiya lamulo loti dzina lawo lizibwerera."

Tabita anamuyang'ana mumdimamo.

"Munthu anasiya mawu, inu n'kumawafufuta madzulo aliwonse? Bwezerani dzina la eni ake."

Kafayiloko Yoswa akanatha kungokachotsa. Chala chinafika pamenepo n'kuima. Kenako anabwerera pa foda ija, nafufuta Malemu, nalemba Lester, pakamwa akunong'ona kuti, "Pepani aphunzitsi."

Anadina. Mizere inayamba kutsika, yoyera yokhayokha. Malaibulale anapezeka limodzi ndi limodzi, ngati anthu oyankha maina awo pamsonkhano. Pamapeto makinawo anaonetsa kumene aika pulogalamu yomangidwayo. Sinali foda ya Yoswa ija, koma ina ya mwiniwake, imene iye anali asanaionepo. Panalembedwa mawu awiri okha, ogawidwa ndi kamzere: Lester/talandira.

Anadziuza kuti ndi mawu a kunkhokwe, amene alembi amanena mlimi akatula thumba. Anadziuza kuti Lester anamwalira mwanayo asanabadwe, dzinalo lisanatchulidwe ndi aliyense. Anabwereza zimenezi mumtima kawiri, katatu.

Kamphepo ka m'laputopu kanazima. Malata anasiya kulira. Apo m'pamene anazindikira kuti kuseri kwa khoma nakonso kunali zii.

Anakhala pampando, manja ali pamaondo, makutu ali kuchipinda, akufunafuna kampweya kakang'ono mkati mwa batalo. Mphasa inakhwekhwerezeka. Kenako mawu a Tabita anabwera pang'onopang'ono, osamveka ngati ndi a chimwemwe kapena a china.

"Bambo a Talandira. Tabwerani ndi tochi."