Botolo Lachinayi la Consolata

Lachitatu, pa 12 Juni 2024, a Filimoni Mbewe, mkulu wa mpingo ku Zemba, anakhuthulira kudzala mabotolo atatu a mwana wawo Consolata. Pobwerera botolo lachinayi, anapeza mtsikanayo atalikumbatira pakhomo la khitchini.

"Bweretsa kuno!" anakalipa a Mbewe. "Amayi Lefina, aneba athu, auza mudzi wonse kuti mwana wa mkulu wa mpingo akuvunditsa gaga. Wovunditsa gaga amatcheza kachasu, nanga n'chiyani?"

"Ili lokha ayi, Atate. Mpikisano wa sayansi ndi Lachisanu. Mukalitaya, ndikaonetsa chiyani?"

M'botolomo munali gaga wonyowa, atakutidwa ndi chuku chakuda ngati mwaye, ndipo kukamwa kwake kunali kotseka ndi thonje la m'munda mwawo. Chukucho anam'patsa ndi aphunzitsi ake. Chikamadya, chimatulutsa asidi wa sitiriki, yemwe amawawasitsa mandimu. Kumafakitale amachidyetsa shuga, koma Consolata ankafuna kuonetsa kuti ngakhale gaga wa nkhumba angakwanire.

"Kodi likununkha kachasu?" anafunsa mtsikanayo.

"Fungo la kachasu ndingalidziwire kuti ine?"

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti ndi kachasu?"

Consolata anafinyira timadzi ta gagayo m'mbale kudzera pa kansalu, n'kuviikamo kapepala kabuluu koyesera asidi kochokera kusukulu. Kanafiira. Anadula ndimu n'kudonthezera pa kapepala kena. Nako kanafiira.

"Nanga atatu aja?" anafunsa bambo ake, mawu atatsika.

"Munali makoko a nthochi, a chinangwa ndi a mtedza. Ndimafuna kuona chomwe chingapose gaga. Tsopano sindidziwa."

A Mbewe anayang'ana kudzala, kumene nkhuku zinali zitayamba kale kupalasa.

Lachisanu m'mawa a Mbewe anamanga okha botololo panjinga, Consolata n'kukwera kumbuyo. Podutsa pakhomo pa amayi Lefina, a Mbewe analiza belu mwadala mpaka mayiwo anatuluka.

Kumpikisano ku Chadiza oweruza anati kapepalako kamangoonetsa kuti asidi alipo, sikanena kuti ndi wamtundu wanji. Anatenga timadzi tija kuti akatiyeze ku Chipata.

Masiku ano a Mbewe amayanikira Consolata makoko a nthochi pathandala, ndipo salola nkhuku kuyandikira. Yankho la ku Chipata silinabwerebe.