Mfuti ya Botolo ya Renante

Phuu!

Supuni ya Renante inagwera m'mbale. Sanali makombola ayi, ngakhale Chaka Chatsopano chinali pafupi. Zinamveka ngati chinyama chatsokomola mumdima, kenako chinthu chinagwa kho! padenga la tchalitchi.

Anali atangopempherera chakudya. M'nyumba mwa a Isagani, bambo ake a Renante, m'katauni kathu ka pachilumba cha Negros, zinkakhala choncho madzulo alionse. Bambo akatseka shedi yawo yomatira matayala, banja lonse linkakhala pansi kudya mpunga ndi nsomba zouma. Munalibe zambiri, komanso munalibe kukalipirana.

"Ndi Kuya Arnel ameneyo!" anatero Liezel, mlongo wake wamng'ono wa Renante, maso ali mwee. "Wapanga mfuti ya botolo. Amapopa mpweya ndi pampu ya njinga, n'kuika kamango kakawisi m'paipi. Kamauluka mpaka kutchalitchi!"

Arnel anali mwana wa azakhali awo. Kwathu kuno mnyamata aliyense wokulirapo timamutcha Kuya, ndiye panalibe cholakwa. Koma mmene Liezel anatchulira dzinalo, ngati ali ndi switi m'kamwa, mpunga unamuwawira Renante.

"Tatay, mundipatseko valavu imodzi ya tayala lakutha," anapempha bambo ake.

"Ayi."

"Koma Arnel..."

"Arnel ndikalankhula ndi mayi ake. Tamvera, tayala la lole lili ndi mawaya mkati, koma ndinaliona likuphulika n'kugwetsa munthu wamkulu. Nanga kapulasitiki ka zakumwa?"

"Ngati ukufuna phokoso pa Chaka Chatsopano, ndikubwereka chivindikiro cha poto uzimenya," anatero amayi ake, a Nenita, uku akuseka.

Renante sanaseke.

M'mawa mwake pabwalo la basiketi ana onse anali pambuyo pa Arnel. Wina amunyamulira paipi, wina amutolera timango. Liezel ndiye anali patsogolo, atakumbatira pampu. Renante anaima patali, manja m'thumba, mtima ukutentha. Kodi munthu angadane ndi mnzake amene sanamulakwire? Iye sankadziwa, koma zinkamuchitikira.

"Mwana wa a matayala, wakwinyiranji nkhope?" Anali Boyet, mnyamata wamkulu amene ankangokhalira kugona panjinga zamoto za eni ake. "Msuweni wako akutuluka thukuta ndi kapampu ka njinga, pomwe bambo ako ali ndi chimakina chopopera matayala. Nditakhala iwe, mango anga bwenzi akugwera kutsidya la nyanja, ku Cebu."

"Tatay akana."

"Aa, pepani achimwene, ndimayesa ndikulankhula ndi mwamuna. Pitani mukayamwe."

Lamlungu masana makolo ake atapita ku msonkhano wa kutchalitchi, Renante anapisa m'thumba la buluku la bambo ake n'kutenga kiyi wa shedi. Botolo sanavutike nalo. Amayi ake ankagulitsa petulo wa m'mabotolo pamsewu, ndipo pathandala pawo panali chibotolo chopanda kanthu, chachikulu kuposa cha Arnel. Chinali chitayezuka ndi dzuwa, chokalikakalika m'mbali. Iye anangoona kukula kwakeko.

Boyet anamuthandiza kulumikiza zonse, kenako anakaitana ana. Anabwera gulu, Arnel ali pakati pawo.

Arnel ataliona botolo lija anapukusa mutu. "Ren, ilo lapsa ndi dzuwa. Ine ndimatenga latsopano nthawi zonse, ndipo ndimapopa pang'ono. Makina awo ndi a malole, usayerekeze."

"Mwamumva?" Boyet anatero mokweza. "Nsanje! Akuopa kuti ufumu watha."

Renante anamva kukoma koyamba pa sabata yonseyo. "Liezel, bwera. Gwira botololi lisagubuduzike. Uone mfuti yeniyeni."

Kamtsikanako kanathamanga n'kuligwira ndi manja awiri, kakumwetulira. Makina anayamba kuduma. Botolo linauma gwa, kenako linayamba kulira tetete ngati nkhuni yauwisi pamoto.

"Kuya, likutentha," anatero Liezel.

"Zimitsa!" anakuwa Arnel.

"Onjezera!" anakuwa Boyet.

Renante anayang'ana Arnel m'maso, n'kuonjezera.

Kuphulika kwake sanakumve bwinobwino. Anangozindikira ali pansi, m'makutu muli ziii, ana akuthawa pakamwa pali yasa koma mawu osamveka. Boyet anali atazimiririka kale. Kamango kanali kakadali m'paipi. Liezel anakhala pansi mwakachetechete, manja ali kumaso, magazi akudutsa pakati pa zala.

Arnel ndi amene anabereka Liezel n'kuthamangira naye kumsewu.

Kuchipatala adokotala anachotsa tizidutswa ta pulasitiki kumaso kwa mwanayo. Anati masaya apola, koma diso lakumanzere silidzaonanso. A Nenita anangokhala pabenchi, kolona m'manja, osatha ngakhale kupemphera.

Renante analowa m'chipindamo mozemba. Liezel anatembenuza mutu wonse kuti amuone ndi diso lotsalalo.

"Kuya," ananong'ona, "tamuposa Kuya Arnel? Kamango kanafika kuti?"

Mnyamatayo anatuluka chothamanga. Pakhonde anakumana ndi bambo ake, akadali m'malaya a kutchalitchi. Anagwada pasimenti pomwepo, anthu akuona, n'kutulutsa kiyi uja.

"Tatay, ndinaba. Arnel anandiletsa. Ndinkangofuna kuti Liezel azinditama ineyo."

A Isagani anamugwira paphewa.

"Dzuka, mwana wanga. Ine ndakukhululukira, ndipo Mulungu akukhululukira ukamupempha moona. Koma diso lija silibwerera. Nsanje siphulikira amene ukumuchitira nsanjeyo, imaphulikira amene waima pafupi nawe chifukwa amakukhulupirira. Tsopano pukuta misozi, ulowe. Mlongo wako wakufunsa funso, ukamuyankhe zoona."